Ofesi yopanda voti imene inagwiritsa aphungu njakata

Kumunsi kwa phiri la Capitol mu mzinda wa Washington, chakufupi ndi njanji, kuli chinyumba chakale chotchedwa Ford House Office Building. Alendo odzaona malo sapitako. Kale munkadzaza makabati a FBI osungiramo zidindo za zala. Pansanjika yachinayi ya nyumbayi ndi pamene pali Congressional Budget Office, imene aliyense kumeneko amangoitchula kuti CBO. Antchito ake safika 300, ndipo ambiri ndi akatswiri a zachuma amene nkhope zawo simungazione pa wailesi yakanema. Savota, salemba malamulo, ndipo sauza aphungu kuti bilu iyi ndi yabwino kapena yoipa. Chawo ndi kuwerengera basi: bilu ikakhala lamulo, boma lidzawononga ndalama zingati kapena kupulumutsa zingati m'zaka 10 zikubwerazo. Ikakhala bilu ya zaumoyo, amaonjezerapo nambala ina, ya anthu amene adzakhale ndi inshuwalansi kapena kuitaya.

Nambala yachiwiriyi ndi imene inasowetsa tulo chipani cha Republican mu 2017. Chipanichi chinali ndi pulezidenti, chinali ndi aphungu ochuluka m'nyumba zonse ziwiri za malamulo, House ndi Senate, ndipo chinali chitatha zaka zisanu ndi ziwiri chikulonjeza kufafaniza lamulo la zaumoyo la a Barack Obama ndi kuikapo lina. Chinalephera. Zifukwa zinali zambiri, koma nthawi iliyonse imene bilu yawo inkapunthwa, pafupi pomwepo pankapezeka lipoti la CBO.

Ofesiyi inabadwa chifukwa cha mkangano ndi pulezidenti Richard Nixon. Malamulo oyendetsera dziko la America amati thumba la ndalama za boma lili m'manja mwa aphungu. Koma kwa zaka zambiri, odziwa kuwerengera anali kwa pulezidenti, mu ofesi ya bajeti imene inakhazikitsidwa mu 1921 ndipo inasinthidwa dzina mu 1970 kukhala Office of Management and Budget. Aphungu ankatsutsana ndi pulezidenti pogwiritsa ntchito manambala ochokera kwa pulezidenti yemweyo. A Nixon anafika poonjeza. Ankangokana kutulutsa ndalama zimene aphungu avomereza kale, kuphatikizapo mabiliyoni a madola oyeretsera mitsinje ndi nyanja m'lamulo la 1972. Aphungu atatopa, anapanga lamulo latsopano la bajeti, lomwe linamanga manja pulezidenti pa mchitidwewu, linakhazikitsa makomiti a bajeti m'nyumba zonse ziwiri, komanso linapatsa aphungu ofesi yawoyawo yowerengera. A Nixon analisainira pa 12 Julayi 1974, mlandu wa Watergate utawakolera kale m'khosi. Pasanathe mwezi anatula pansi udindo.

Kusankha mkulu woyamba kunatenga miyezi. A ku Senate, motsogozedwa ndi a Edmund Muskie, ankafuna mayi Alice Rivlin, katswiri wa zachuma wa ku Brookings Institution. A ku House ankafuna munthu wina, ndipo wapampando wa komiti yawo ya bajeti, a Al Ullman, sankafuna kumva za mayiwa. Chinathetsa mkanganowo si nzeru za munthu aliyense. Usiku wina mu Okutobala 1974 apolisi anaimitsa galimoto ya phungu wamphamvu, a Wilbur Mills, ataledzera, ndipo mkazi wovina m'mabala amene anali nawo anadumphira m'madzi a Tidal Basin. Manyazi ake anachotsa a Mills pampando wa komiti ya misonkho, a Ullman anasamukira kumeneko, ndipo wolowa m'malo mwawo analibe nawo vuto mayi Rivlin. Ofesi inayamba ntchito pa 24 Febuluwale 1975.

Lamulo silinafotokoze bwinobwino kuti ofesiyi izikhala yotani, choncho khalidwe lake analiumba ndi mayi Rivlin. Anakana kuti ikhale kalaliki wongowonkhetsa manambala m'chipinda cham'mbuyo. Anafuna kuti izilemba malipoti akeake m'chilankhulo chomveka, ofika kwa atolankhani ndi kwa aliyense, koma osatenga mbali. Iwo anali a Democrat, komabe mu 1977 ofesi yawo inanena kuti pulani ya zamagetsi ndi mafuta ya a Jimmy Carter, pulezidenti wa chipani chawo chomwecho, sidzapulumutsa mafuta ochuluka monga momwe boma linkanenera. Mu 1981 inanena kuti bajeti ya a Ronald Reagan, pulezidenti wa Republican, idzasiya dzenje lalikulu kuposa limene boma linkavomera, ndipo a Reagan anati manambalawo ndi abodza. Dzenjelo linabwera ndithu. Pofika 1983, pamene mayi Rivlin ankachoka, ofesiyi inali itakhumudwitsa zipani zonse ziwiri. Chuma chake chenicheni ndi chimenecho mpaka lero.

Kuti nkhondo ya zaumoyo imveke, tiyenera kudziwa kuti ku America kulibe chipatala cha boma chimene aliyense angangolowa n'kulandira mankhwala osalipira. Ambiri amalipiriridwa ndi inshuwalansi yochokera kuntchito. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo ali pa Medicare, osauka ena ali pa Medicaid, ndipo zonsezi zinayamba mu 1965 m'nthawi ya a Lyndon Johnson. Wotsala pakati, monga wodzilemba yekha ntchito kapena wogwira maganyu, amadzionera yekha. Akadwala khansa, nyumba imagulitsidwa.

A Bill Clinton anayesa kutseka mpata umenewu mu 1993, ndi pulani imene anaitsogolera akazi awo, mayi Hillary Clinton. Mkulu wa CBO panthawiyo anali a Robert Reischauer, nawonso a Democrat. Funso limene linawagwera linkaoneka ngati la akalaliki: ndalama zimene makampani ndi antchito azikakamizidwa kulipira pa inshuwalansi, ziwerengedwe ngati za boma kapena za anthu wamba? Mu Febuluwale 1994 CBO inati ndi za boma, poti ndi boma likukakamiza. Inatinso pulaniyo idzaonjezera dzenje la bajeti ndi madola oposa 70 biliyoni pofika chaka cha 2000, pomwe a Clinton ankati idzalichepetsa. Otsutsa anapeza chibonga. Pulani imene inkagulitsidwa ngati ya inshuwalansi ya makampani tsopano inkaoneka ngati msonkho waukulu. Inafa mu Seputembala chaka chomwecho osafika n'pomwe povoteredwa. Makampani a inshuwalansi nawo anaimenya kwambiri pa wailesi yakanema, koma a Democrat ambiri anasunga chakukhosi kwa mnzawo wa chipani chimodzi.

Anaphunzirapo. Pamene a Obama ankayambiranso nkhaniyi mu 2009, anthu pafupifupi 50 miliyoni ali opanda inshuwalansi, bilu yawo inkalembedwa diso limodzi lili ku Ford Building. Pulezidenti anaika malire a madola pafupifupi 900 biliyoni, ndipo olemba bilu ankatumiza ndime ku CBO, kulandira nambala, kusintha, kutumizanso. Mu Julayi 2009 mkulu wa ofesiyi, a Douglas Elmendorf, anauza komiti ya bajeti ya ku Senate mosapsatira kuti mabilu amene analipo sakuchepetsa kukwera kwa ndalama za zaumoyo. Patangopita masiku ochepa anaitanidwa ku White House, chinthu chimene a Republican anachitcha kuopseza.

Apa mpofunika chilungamo: a Democrat anaphunziranso kusewera ndi mpanda wa zaka 10 uja. Misonkho ina inayamba msanga, pomwe zodya ndalama zambiri anazikankhira ku 2014. Anaikamonso pulogalamu yotchedwa CLASS, yosamalira odwalika ndi olumala, imene m'zaka zoyambirira inkangotolera ndalama osalipira kanthu, choncho pa pepala inkaoneka ngati ikupulumutsa madola 70 biliyoni. Boma la a Obama lomwelo linaitaya mu 2011 litaona kuti singayende. CBO inachenjeza za zonsezi m'malipoti ake, koma anthu amagwira nambala ya pamutu, osati ndime za mkati. Nambala ya pamutu, mu Malichi 2010, inali yakuti lamuloli lidzadya madola 938 biliyoni, lidzachepetsa dzenje la bajeti ndi 143 biliyoni, ndipo anthu 32 miliyoni adzapeza inshuwalansi. Aphungu amene ankakayikakayika anapeza pobisala. Bilu inadutsa ku House ndi mavoti 219 kwa 212, popanda ngakhale mmodzi wa Republican, ndipo a Obama anasainira pa 23 Malichi.

Lamuloli, Affordable Care Act, limene anthu analipatsa dzina loti Obamacare, linaima pa mfundo zomangana. Makampani analetsedwa kukana munthu kapena kumukwezera mtengo chifukwa choti ndi wodwala kale. Kuti anthu asamadikire kudwala ndiye n'kukagula inshuwalansi, aliyense anakakamizidwa kukhala nayo, apo ayi alipire chindapusa. Opeza zochepa anapatsidwa sabuside, ndipo Medicaid inakulitsidwa kuti ifikire osauka ambiri. Chindapusacho ndi chimene chinadedwa koposa. Mu Juni 2012 khoti lalikulu linachivomereza ponena kuti ndi msonkho, koma linati maboma a zigawo ali ndi ufulu wokana kukulitsa Medicaid, ndipo Texas, Florida ndi ena anakanadi.

M'zaka zimenezo a Republican ku House anavota maulendo oposa 50 kuti afafanize kapena kudula lamuloli. Kunali kosavuta, poti ankadziwa kuti a Obama sangasainire. Ndipo CBO sankadana nayo. Mu Febuluwale 2014 itanena kuti lamuloli lidzachititsa anthu kuchepetsa maola ogwira ntchito mofanana ndi antchito 2 miliyoni, lipotilo analinyamula pamutu. Mu 2015 atatenga nyumba zonse ziwiri anasankha mkulu wawo, a Keith Hall, amene anatumikirapo m'boma la a George W. Bush. Mmodzi mwa amene anawasankha anali a Tom Price, wapampando wa komiti ya bajeti ku House.

A Price omwewo ndi amene anali nduna ya zaumoyo ya a Donald Trump pa 13 Malichi 2017, tsiku limene ofesi ya a Hall inatulutsa lipoti la bilu ya sipikala Paul Ryan, American Health Care Act. Lipotilo linati anthu opanda inshuwalansi adzaonjezereka ndi 14 miliyoni mu 2018, ndi 24 miliyoni pofika 2026. Medicaid idzadulidwa madola 880 biliyoni. Chakumapeto kwake kunali tebulo laling'ono limene linapweteka kuposa manambala aakuluwo. Linatenga munthu wa zaka 64 wopeza madola 26,500 pachaka. Pansi pa Obamacare, sabuside itachotsedwa, amalipira madola 1,700 pachaka. Pansi pa bilu yatsopano adzalipira 14,600, kuposa theka la zonse zimene amapeza. Anthu a msinkhu umenewo, makamaka a kumidzi, ndi amene anavotera a Trump mwaunyinji, ndipo a Trump anali atalonjeza mu Januwale kuti aliyense adzakhala ndi inshuwalansi. A Price anatuluka n'kuuza atolankhani kuti lipotilo n'losakhulupirika. Mneneri wa White House, a Sean Spicer, anali atanyoza kale ofesiyi lipoti lisanatuluke n'komwe.

Bilu inakanika mbali ziwiri. Aphungu ouma mtima a gulu la Freedom Caucus ankati yasiya zambiri za Obamacare, pomwe a m'madera amene mavoti amakhala pafupipafupi ankaopa 24 miliyoni ija. Pa 24 Malichi a Ryan anaichotsa isanavoteredwe. Ataikonzanso, anachita chinthu chimene chikuonetsa mantha amene anali nawo: anavota pa 4 Meyi osadikira lipoti latsopano. Inadutsa 217 kwa 213, ndipo anakasangalala m'munda wa maluwa ku White House. Lipoti linabwera pa 24 Meyi ndi nambala ya 23 miliyoni. Mwezi wotsatira a Trump eni ake anauza maseneta kuti bilu imene anaisangalalira ija ndi yankhanza.

Kodi odzudzulawo ankangolalata? Ayi. Anali ndi mfundo. Mu 2010 CBO inaneneratu kuti pofika 2016 anthu oposa 20 miliyoni azidzagula inshuwalansi pa misika yatsopano ya Obamacare, koma anapezeka pafupifupi theka la nambalayo. Inkakhulupiriranso kwambiri mphamvu ya chindapusa chija. Ambiri mwa 14 miliyoni a mu 2018 anali anthu amene ofesiyi inkaganiza kuti adzasiya okha inshuwalansi chindapusa chikachoka, osati olandidwa. Koma mfundoyi inkathera panjira. Pa chiwerengero chonse cha anthu opanda inshuwalansi, CBO sinaphonye kwambiri, poti Medicaid inalandira anthu ambiri kuposa amene inkayembekezera. Ndipo palibe masamu amene angadule madola 880 biliyoni ku Medicaid popanda wina kutsala panja. Ngakhale katswiri wowerengera wa m'boma la a Trump lomwelo, ku ofesi yoyang'anira Medicare ndi Medicaid, anapeza 13 miliyoni. Ndi nambala yocheperadi, koma palibe phungu angapite nayo kumsonkhano kwawo akumwetulira.

Ku Senate kunali msampha wina. Kumeneko bilu wamba imafuna mavoti 60 mwa 100 kuti idutse, ndipo a Republican anali ndi 52 okha. Njira yokhayo inali ya mabilu a bajeti, imene imalola mavoti 51, njira yochokera m'lamulo lomwelo la 1974. Koma bilu yodutsa njira imeneyi iyenera kuonetsa kuti ikukhudzadi ndalama za boma ndipo ikupulumutsa zimene analonjeza, ndipo woonetsa zimenezo ndi CBO. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Mkulu wa bajeti ku White House, a Mick Mulvaney, anafunsa poyera ngati nthawi ya ofesiyi sinathe. Ku House, a Morgan Griffith anabweretsa ganizo lothetsa nthambi yonse yowerengera mabilu, ya antchito 89. Akuluakulu onse asanu ndi atatu amene anatsogolerapo CBO, a zipani zonse, analemba kalata imodzi yodandaula. Ganizo la a Griffith linagwa ndi mavoti oposa 300, ndipo a Republican ambiri anali pakati pa olikana.

A Mitch McConnell, mtsogoleri wa a Republican ku Senate, analemba bilu ya kumeneko m'chipinda chotseka, popanda misonkhano ya komiti. CBO inati 22 miliyoni. Anayesa yongofafaniza popanda choikapo, CBO inati 32 miliyoni. Pomaliza anabweretsa kabilu kowonda, kongochotsa chindapusa ndi zina zochepa, kamene maseneta ena ananena poyera kuti sakufuna kuti kakhale lamulo, akungofuna kapite kokakambirana ndi a ku House. CBO inati 16 miliyoni.

Voti inachitika usiku, kutatsala pang'ono kuti ikwane 2 koloko m'mawa wa pa 28 Julayi. Mayi Susan Collins a ku Maine ndi mayi Lisa Murkowski a ku Alaska anali atakana kale. Wachiwiri kwa pulezidenti, a Mike Pence, anali pomwepo kudikira kuti mavoti akafanana aponye lawo. A John McCain a ku Arizona anali atangobwera kumene kuchokera kuchipatala, komwe anawapeza ndi khansa ya mu ubongo, bala la opaleshoni likuonekera pamwamba pa diso lakumanzere. Analowa m'nyumbamo, anaima patsogolo pa tebulo la alembi, anatambasula dzanja lamanja n'kuliimika m'mwamba kwa kanthawi kuti mlembi awaone, kenako analoza chala chachikulu pansi. Ena anapumira m'mwamba mokweza. A McConnell anali ataima pafupi, manja atapinda pachifuwa, osagwedezeka. Bilu inagwa 49 kwa 51.

A McCain sankakonda Obamacare. Chimene ankadana nacho chinali kathamangitsidwe ka bilu yokhudza moyo wa dziko lonse popanda kuiunika. Mu Seputembala anzawo a Lindsey Graham ndi a Bill Cassidy atabweretsa bilu ina, yothamangira 30 Seputembala, tsiku lomaliza logwiritsira ntchito njira ya mabilu a bajeti ija, CBO inati nthawi ndi yochepa, singathe kupereka nambala yeniyeni kupatula kunena kuti ndi mamiliyoni. A McCain anati sangavotere chinthu osadziwa mtengo wake ndi anthu amene chidzawapweteke, ngakhale a Graham anali bwenzi lawo la pamtima. Bilu imeneyo sinafike povoteredwa.

Chimene chinachitika miyezi itatu yotsatira ndi chimene chimandiseketsa. A Republican anatembenukira ku bilu yodula misonkho, ndipo ankafuna ndalama zotsekera dzenje limene inkakumba. Mu Novembala CBO inawerengera kuti kuchotsa chindapusa chija kudzachititsa anthu 13 miliyoni kukhala opanda inshuwalansi pofika 2027, ndipo poti boma silidzawalipirira sabuside kapena Medicaid, lidzapulumutsa madola 338 biliyoni. Anali masamu omwe aja amene anawatukwana chilimwe chonse. Ulendo uno anawalandira ndi manja awiri, anatsitsa chindapusa kufika pa ziro kuyambira 2019, n'kugwiritsa ntchito ndalama zopulumutsidwazo kudulira misonkho. Ngati CBO inkakokomeza mphamvu ya chindapusa, monga iwo ankanenera, ndiye kuti ndalamazo kunalibe. Mu 2018 ofesiyi inavomereza kuti inakokomezadi ndipo inatsitsa chiwerengerocho, koma lamulo la misonkho linali litasainidwa kale. Misika ya Obamacare sinagwe chindapusa chitachoka. Khoti lalikulu linakananso kugwetsa lamulo la Obamacare mu Juni 2021, ndipo sabuside itaonjezeredwa chaka chomwecho, olembetsa anakwera mpaka kudutsa 20 miliyoni mu 2024, nambala imene CBO inkaiyembekezera zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo.

Mu 2019 a Hall analowedwa m'malo ndi a Phillip Swagel, nawonso osankhidwa a Republican ali ndi mphamvu ku Senate, ndiponso amene anatumikirapo ku unduna wa zachuma wa a Bush. Mu 2025 a Trump atabwereranso, chipani chawo sichinayesenso kufafaniza Obamacare yonse. Chinaika kudula kwa Medicaid mkati mwa bilu yaikulu ya misonkho ndi bajeti, ndi lamulo loti olandira ena azionetsa kuti akugwira ntchito. Ofesi ya a Swagel inati anthu oposa 10 miliyoni adzataya inshuwalansi pofika 2034, ndipo a Trump anaitcha ofesi ya a Democrat. A McCain anali atamwalira mu Ogasiti 2018. Mayi Collins anakananso, pamodzi ndi a Rand Paul ndi a Thom Tillis, koma mayi Murkowski, atapatsidwa zina zokomera Alaska, anavomera. Mavoti anafanana 50 kwa 50, wachiwiri kwa pulezidenti a JD Vance anaponya lawo, ndipo a Trump anasainira pa 4 Julayi.